Njinga ndiyo ikutidyetsa kuno kuchigwa, koma ulemu wonse tapatsa mpira

Loweruka lapitali ndinapsa mtima ndipo mpaka lero sunaphwe. Kunali bonanza pabwalo lina kufupi ndi Ngabu. Amene anakonza sindiwatchula, akudzidziwa okha. Analengeza kuti kuyamba mpikisano wa njinga zakapalasa, kenako mpira wamanja wa atsikana, pomaliza mpira wamiyendo. Anyamata a kabaza anasiya siteji m'mamawa, anasiya ndalama ya tsiku lonse, ena anachita kubwereka thayala kwa mnzawo poti lawo linali la zigamba. Anawanyamutsa dzuwa lili paliwombo, dzuwa la kuno lomwe mukulidziwa. Atangozimiririka pamsewu, lole ya timu ya mpira inatulukira ikuliza hutala. Basi, zinathera pomwepo. Okonza onse anathamangira kukalandira osewera. Mnyamata woyamba pobwerako sanapeze chingwe, sanapeze woimba wezulo, sanapeze wolemba dzina. Anachita kuimba belo kuti anthu amupatse njira. Wa pachimkuzamawu anali kalikiliki kutchula mayina a osewera amene anali asanavale n'komwe nsapato. Mphoto yake anamupatsira kuseri kwa tenti pa hafu taimu: ndowa ya pulasitiki ndi sopo wochapira. Timu yomwe inagonja pa mpira inalandira envelopu ndi yunifomu yatsopano, anthu akuimba m'manja.

Ndowa, abale anga. Munthu wapalasa mpaka malovu kuuma m'kamwa, mwamupatsa ndowa.

Ine funso langa ndi limodzi. Kuno kuchigwa cha Shire, chimene chikutisunga ndi chiyani, mpira kapena njinga? Imani pa Dyeratu m'mawa, imani pa Nchalo nthawi yoweruka ku minda ya nzimbe, imani pa Bangula tsiku la msika, muwerenge nokha zimene zikudutsa. Thonje limapita kumsika pa njinga. Nsomba za ku dambo zimafika pa Nsanje pa njinga. Chimanga chimapita kuchigayo pa njinga, mbuzi yomangidwa miyendo pa keliyala, malata a nyumba, zigubu za madzi, mwana wa sukulu, mayi woyembekezera usiku matenda atayamba. Kuno ngakhale agogo aakazi amapalasa, chitenje atamanga bwinobwino, mdzukulu kumbuyo, pomwe madera ena mzimayi akakwera njinga anthu amachita kuima kumuyang'ana. Njinga ndiyo galimoto yathu, ndiyo ambulansi yathu, ndiyo imalipira fizi. Koma ikafika nkhani ya masewero, njingayo timachita nayo manyazi. Timaikumbukira pokhapokha tikafuna kufika msanga kubwalo kukaonera mpira.

Ndipo musandiuze kuti ndikudana ndi mpira. Ine ndine wa Manoma kuyambira ndili mwana, ndimakangana ndi a Bullets ngati wina aliyense. Mu 2010 Flames itathira Algeria zigoli zitatu kwa duu ku Angola ndinakuwa nawo. Mu January 2022 ku Cameroon, Gabadinho Mhango ataponya chigoli chakutali chija mu golo la Morocco, ndinadumpha nawo, ngakhale pomaliza tinagonja 2-1. Mpira ndi wokoma, palibe akukana. Ndikudziwanso chifukwa chake unafala chotere: majumbo ndi luzi wapanga chikulunga, miyala iwiri ndi golo, wailesi imaulutsa, nkhani yatha. Zimenezo n'zodziwika ndipo si zimene zandikwiyitsa. Chandikwiyitsa ndi chipongwe. Kukonda mpira sikutanthauza kuti munthu wa njinga muzimuona ngati wodzasesa bwalo osewera enieni asanalowe.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ife fodya wathu ali pamphuno ndi njinga, koma maso tonse ali ku Manchester. Mnyamata wa pa Sorgin akuuzani osewera onse a Arsenal ndi a pabenchi omwe, akuuzani amene wavulala bondo ku Liverpool, achita kulumbira pali mayi ake chifukwa cha penate ya ku London. Mufunseni kuti pa siteji ya kwawo amene amathamanga kwambiri pa njinga ndani, akusekani. Kwa iye imeneyo si nkhani yoti munthu wanzeru n'kufunsa. Wapereka ndalama kuvidiyo kukaonera anthu amene sadzamva n'komwe kuti kuli dziko lotchedwa Chikwawa, ndipo amene wamunyamula kupita kuvidiyoko ndi wa kabaza yemweyo, amene wamunenerera mtengo mpaka kutsala pang'ono kukwera ulere.

Vuto lathu ndi loti njinga tinaiyika m'gulu la umphawi. Tikaona munthu akupalasa timaona wosauka, sitiona katswiri. Mwana akamamenya chikulunga pabwalo, bambo ake amamwetulira n'kumati ameneyu adzakhala Kinnah Phiri. Mwana yemweyo akamathamangitsa njinga, bambo ake amakuwa kuti iwe undithyolera masipoko, tsika. Mtsikana akapeza mwamuna wosewera timu ya m'mudzi, yosalipira ngakhale tambala, anzake amamuchitira nsanje. Akapeza wa kabaza amene madzulo aliwonse amabwera ndi ufa ndi ndiwo, amamunena kuti wakwatiwa ndi wopalasa. Ndiye mundiuze, ameneyu ndi mutu wabwino?

Pitani pa Thabwa muone. Msewu wokwera ku Blantyre umene uja, wokhotakhota, malole amalira n'kufuka utsi, ena amafera panjira. Pamenepo pali anthu amene amakwera ndi matumba a makala pa njinga yopanda giya, pena kupalasa pena kukankha, mbandakucha, m'mimba mulibe kanthu. Nkhani ya makala ndi mitengo tidzakambe tsiku lina, ine ndikunena miyendo ndi chifuwa. Mphamvu zimene zija kwina anthu amazisaka ndi ndalama. Kuno tili nazo zongotayika, ndipo tikamadutsa pa minibasi timangoti shaa, umphawi si chinthu. Palibe amene amaganiza kuti mnyamata ameneyu mutamutula matumbawo, mutamupatsa njinga yopepuka ndi chakudya chokwanira, angachite zotani pa phiri lomwelo.

Anzathu anaganiza. Ku Eritrea njinga ndi masewero a dziko, ndipo mu 2024 mnyamata wa kumeneko, Biniam Girmay, anapambana zigawo zitatu n'kutenga jezi yobiriwira ya wopeza mapointi ambiri pa Tour de France, mpikisano wa njinga umene unayamba kale mu 1903 uli wa azungu okhaokha. Ku Rwanda kuli Tour du Rwanda, anthu amadzaza m'mbali mwa msewu kuonerera, ndipo ena mwa amene anapalasira dziko lawo anayamba ngati a kabaza, kunyamula anthu ndi mbatata. Mu September 2025 mpikisano wa dziko lonse wa njinga za pamsewu unachitikira ku Kigali, koyamba mu Africa muno. Amenewa ndi anthu akuda ngati ife, a mayiko osalemera. Iwo anaona wopalasa n'kuona katswiri. Ife taona wopalasa n'kumupatsa ndowa.

Ndiye wina andiyankha kuti njinga za mpikisano n'zodula. Inde n'zodula. Nanga Loweruka lija panali njinga ya mpikisano? Anyamata anabwera ndi njinga zawo za pa siteji, za keliyala ya khushoni, mabuleki a waya, tcheni chodzoza mafuta akuda otsala mu injini. Sanapemphe wina kuti awagulire kanthu. Chimene chimafunika chinali chingwe, wezulo, munthu mmodzi woima pomalizira ndi pepala, ndi mawu awiri pa chimkuzamawu. Zimenezo zikudula bwanji? Musabisale kumbuyo kwa mitengo ya zinthu. Panasowa ulemu, osati ndalama. Ndalama zinalipo, tinaziona zikulowa mu envelopu.

Winanso ati njinga siikoma kuonera, amangodutsa kamodzi vuu, kwatha. Chabwino, azungulitseni bwalo. Azungulitseni msika kakhumi anthu aziwaona akupitirirana. Chigwa chino n'chathyathyathya kuyambira pa mlatho wa Kamuzu mpaka ku Marka, malo ozungulira asowa? Inu simunaonepo anyamata a kabaza awiri akupikisana kulanda kasitomala minibasi ikaima? Anthu amasiya kugula n'kumakuwa. Chikoka chilipo, ndife amene sitifuna kuchitcha masewero.

Ndipo andale ndinu oyamba kuononga. Chisankho chikayandikira, aliyense wa inu amatulukira ndi chikho cha mpira. Chikho cha phungu, chikho cha khansala, chikho cha wofuna kudzaima. Mipira iwiri, yunifomu ya nkhope yanu pamsana, zatha, mwatukula achinyamata. Koma tsiku la msonkhano wanu amene mumawaika patsogolo pa mdipiti ndi a kabaza, mwawaveka matisheti, akuimba mabelo kuti muoneke ngati muli ndi anthu. Pamenepo mumawadziwa. Pamenepo njinga ndi yofunika. Mukamagawa mphoto mumawaiwala. Amalonda nanunso chimodzimodzi: amene amakubweretserani katundu pa golosale ndi wa njinga, koma mukafuna kuthandiza masewero dzina lanu mumalemba pa jezi ya mpira.

Kumbukirani madzi. Mu January 2015, kenako namondwe Ana mu 2022, kenako Freddy mu March 2023, misewu itaduka, milatho itakokoloka, magalimoto ataima tsidya lina. Amene amadutsitsa ufa, mankhwala ndi odwala pamene galimoto yalephera anali a bwato ndi a njinga. Munthu kunyamula njinga paphewa kuwoloka matope ofika m'chiuno, kutsidya n'kukwezanso katundu, ulendo. Nthawi imeneyo palibe anafunsa kuti ligi ili pati. Madzi ataphwa tinabwerera ku khalidwe lathu, wa njinga kumbuyo, wa mpira kutsogolo.

Taonaninso zimene mpirawo watibwezera. Zaka zonsezi dziko lonse latsanulira mtima, ndalama ndi mapemphero pa masewero amodzi, Flames ku World Cup sinapondeko. Sindikunyoza anyamata athu, amayesetsa. Koma Queens ya mpira wamanja yakhala ikutimveketsa kunja kwa zaka zambiri, Mwai Kumwenda mpaka kukasewera ku Australia, ndipo pa bonanza lija atsikana a mpira wamanja nawo anawadulira nthawi kuti bwalo likonzeke. Ndiye si njinga yokha. Chilichonse chimene si anyamata khumi ndi mmodzi kuthamangitsa chikopa timachiona ngati chotayitsa nthawi podikira zenizeni. Kungoti za njinga zimandiwawa kwambiri chifukwa kuno ndi kwawo kwa njinga. Kukanakhala kwina ndikanangokhala chete. Koma kuno? Kuno kumene mwana amaphunzira kupalasa mwendo atalowetsa pansi pa mtanda asanafike n'komwe pa chishalo?

A mawailesi nanunso. Pologalamu ya masewero yonse ndi mpira, mpira, mpira, mpaka kutiuza kuti kochi wa timu ya ku Spain wakangana ndi wosewera wake. Tsiku limodzi lokha bwerani pa siteji ya kabaza mufunse anyamata kuti kuchoka pa Nchalo kufika pa Ngabu amene amafika msanga ndani. Muona mkangano wake. Ali ndi akatswiri awo, ali ndi mayina awo ogemerana, amadziwana amene amalimba pa mphepo ndi amene amatha mpweya pa mchenga. Nkhani zilipo, inu ndi amene simuzifuna. Aphunzitsi a masewero m'sukulu, inunso, ana theka amabwera pa njinga, zaimikidwa pansi pa mtengo tsiku lonse, koma tsiku la masewero mumatulutsa mpira umodzi ana mazana akuonerera.

Ndipo poti ndayamba, ndinene ndi za pamsewu. Inu madalaivala a malole ndi maminibasi pa M1, munthu wa njinga anakulakwirani chiyani? Mumamuona patali, msewu uli mbee, koma mumadikira mufike pamsana pake ndiye muimbe hutala kuti agwere kumbali. M'mbali mwa tala momwemo ndi modyekadyeka, akatsika thayala limaphulika, kasitomala wagwa, thumba la ufa latayika, inu mukuseka ndi kondakitala wanu. Njinga zamoto zabwerazi nazonso zikuwakankhira kutchire, zawalanda makasitomala, zawalanda ndi malo oima pa siteji. Chubu chakwera mtengo, thayala lakwera, tcheni chakwera, koma wa kabaza akangowonjeza pang'ono pa mtengo wa ulendo mumamutukwana kuti ndi wakuba. Ndalama yomweyo madzulo mukaitaya pa kubetcha mpira pa foni osadandaula.