Ndinapita ku Nyika kukajambula mbidzi, ndabwerako ndi timaluwa

Amene mwakhala mukundifunsa kuti bwanji masiku ano ukungoposita timaluwa ngati munthu wosiyidwa ndi chibwenzi kkkk, khalani pansi ndikuuzeni.

Ku Nyika ndinapita mu Januwale, nthawi ya mvula yomwe aliyense amati usayerekeze. Ndipo sanama ayi, kuchoka pa Rumphi kudutsa ku Bolero mpaka pa geti ya Thazima ndi matope okhaokha, komanso ukafika pagetipo usayambe kusangalala chifukwa kwatsala makilomita ngati 60 kuti uone Chelinda, komwe alendo amagona. Galimoto inatitimira kawiri. Ine mumtima munali mbidzi basi, ndinali nditabwereka kamera ya msuweni wanga ya lenzi yaitali ija ndiye ndimafuna anthu a kuntchito andipatseko ulemu.

Mbidzizo ndinaziona zambirimbiri. Koma zili ndi mwano zinthu zimenezi, zimakuyang'ana bwinobwino ukangoima, ukati ukweze kamera zonse zatembenuka. Panopa mu memori khadi muli mbuyo za mbidzi zokhazokha. Chilembwe, nyama ija yonga mphalapala, yekha ndi amene anandimvera chisoni n'kuima pamtunda ngati akujambulitsa cha pa ID, ntchefu ndiye tinangoziona patali.

Tsiku lachiwiri kunacha ndi nkhungu yoti mnzako ali apa osamuona, kuzizira ngati Juni, zala zochita kuuma. Ine ndayamba kudandaula kuti ndalama zanga zapita pachabe. Mkulu amene amatiperekeza anangoseka n'kunena kuti adada, inu mukungoyang'ana kutali, tayang'anani pomwe mwapondapo. Kuwerama chonchi, pafupi ndi nsapato yanga pali kaduwa kapinki, kutalika kwake osafika m'bondo, timaluwa tating'ono tosanjikizana mpaka kunsonga, kalikonse ndi kadontho ka mame kake, ndipo kanyerere kakuda kali jijirijijiri kulowa uku kutuluka uku. Kuti ukajambule bwino kameneka sungaime, umayenera kugona chafufumimba pa udzu wonyowa, kudikira mphepo isiye kaye kukagwedeza, kugwira mpweya, kenako n'kudina. Ndinadzuka buluku lili chonyowa ndipo nditakweza mutu ndinaona kuti phiri lonse ndi timaluwa, toyera, tachikasu, tofiira, dzulo lake ndimangotiponda ine.

Amenewa ndi maluwa aja amati ma orchid ndipo pa Nyika pokha pali mitundu yoposa 200. Koma chomwe chinandikhalitsa chete ndi chakuti mkulu uja anati pansi pa kaduwa ngati kameneka pali kachinthu konga kambatata, ndiye chikande chimenecho, kumpotoko amati chinaka. Inde chomwe chija amasinja, kusakaniza ndi nsinjiro ndi chidulo mpaka chigwirane ngati soseji. Ine ndadya chikande kuyambira ndili mwana koma sindinadziwepo kuti chimachita maluwa, ndipo ukakumba kambatatako ndiye kuti duwalo lathera pompo. Ku Zambia chimayenda malonda kwambiri moti ogula amachita kuchitsata mpaka kudumpha malire.

Sindikunyoza mayi amene amakumba kuti apeze ya sopo ndi fizi ya mwana, ayi ndithu, njala ilibe maso. Maganizo anga ndi akuti chinthu chomwe sunachionepo ndi maso sungachimvere chisoni, ndipo apa ndi pomwe ife a mafoni a makamera atatuatatu tikugona. Tikapita malo okongola timaima kutsogolo ife, magalasi akuda, phiri lonse labisika kuseri kwa mutu, basi tabwerako. Paki imeneyi ilipo kuyambira 1965, ndi yaikulu kuposa ina iliyonse m'Malawi muno, koma tasakani zithunzi zake pa intaneti muone, zambiri anajambula ndi alendo ndipo pansi pake alemba kuti kukufanana ndi ku Scotland. Zimandinyansa bwanji mawu amenewo. Abale athu a ku UK akaposita maluwa awo a mu Epulo chisanu chikatha timathamangira kukayika timitima, chonsecho ifenso tili ndi nyengo yathu ya maluwa, kungoti imabwera ndi matope.

Mbalame ndiye nkhani ina, ziliko mitundu yoposa 400 ndipo ine ndimangodziwapo nkhwali ndi khwangwala, manyazi. Kuli namzeze wina wabuluu woderako wonyezimira, wamphongo ali ndi nthenga ziwiri zazitali kumchira ngati mawaya, amabwera kudzaswa nthawi ya mvula, chisa chake amamanga m'maenje a pansi osati pakhonde ngati anamzeze athu aja, akamaliza kuswa, ulendo wa ku Uganda ndi ku Kenya. Atsala ochepa padziko lonse ndipo anthu amakwera ndege kudzangoona iyeyu. Ndinamudikira pafupifupi ola lathunthu nditakhala pachulu, anadutsa katatu ngati mphezi, batire n'kuthima chifukwa cha kuzizira.

Chithunzi chomwe ndinapeza ndi chomwe ndayika pomalizapo. Kadontho kakuda kali kumanzere kwa mtamboko ndi iyeyo, musandifunse zambiri. Msuweni ngati ukuwerenga, kamera ija ndidzaifunanso Januwale akubwerayu, ugulireko batire lachiwiri.