Mlongo wanga sanalephere, anachita kusankha

Pamaliro a malume athu sabata yatha, amayi ena anandikokera pambali n'kundifunsa chapansipansi kuti, "Kodi mlongo wanu uja analakwanji kuti mpaka lero akadali kumudzi? Anzake si aja ali ku Kwinzi, ena kunja?" Ndinangoti zikomo amayi, poti pasiwa si pokanganirana. Koma funsoli landikhala pamtima, ndiye lero ndilankhule.

Mlongo wangayo ndi dokotala. Anaphunzira ku College of Medicine ku Blantyre, sukulu imene inatsegulidwa mu 1991, lero ili mu Kamuzu University of Health Sciences. Atamaliza anagwira internship miyezi 18 pachipatala chachikulu ngati anzake onse. Ndi nthawi imeneyi pamene munthu amamva kumene mtima wake ukukokera. Wina amakopeka ndi thiyeta, wina ndi wodi ya ana, wina maso. Iye anasankha family medicine, udokotala woona odwala a misinkhu yonse ndi matenda osiyanasiyana, maphunziro amene kuno kwathu anayamba mu 2015, ndipo anayambira ku Mangochi, dala, kutali ndi mzinda.

Chimene ambiri sitizindikira n'chakuti dokotala akasankha nthambi, wasankhiratu kokhala. Wa opaleshoni ya ubongo sangagwire ntchito popanda makina ojambula m'mutu ndi ICU, chipinda cha odwala mwakayakaya, choncho malo ake ndi chipatala chachikulu basi. Zipatala zoterezi n'zowerengeka: Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu. Akatswiri amenewa timawafuna kwambiri, sindikuwanyoza ayi. Koma kalembera wa 2018 anaonetsa kuti mwa anthu 10 alionse m'dziko muno, oposa 8 amakhala kumidzi. Nanga amenewa aziwaona ndani?

Dzinja lapitalo ndinakagona kwa iye masiku atatu. Usiku wachiwiri foni inalira cha m'ma 1 koloko. Mayi woyembekezera anali atafika kuchokera ku health centre, mwana atapingasa m'mimba, magetsi atazima. Ndinamuona akumanga chitenje pamwamba pa zovala zogonera, kuvala majombo, n'kulowa m'mvula ndi tochi ya pafoni. Patapita kanthawi ndinamva jenereta ikulira. Anabwerako kukuyera, matope mpaka m'maondo, n'kukhala pakhonde osalankhula. Nditamupatsa tiyi anangoti, "Achimwene, onse awiri ali moyo." Pofika 8 koloko anali kale m'wodi ya ana odwala malungo, masana akuona a shuga ndi BP, madzulo akukambirana za odwala ndi ma clinical officer, amene kunena zoona ndi amene asenza zipatala za m'maboma zaka zonsezi, ngakhale maopaleshoni ambiri a amayi amapanga ndi iwowo.

Ndinamufunsa chimene chimamusunga kumeneko. Sanayankhe za kudzipereka kapena maitanidwe. Anandiuza za agogo ena amene BP yawo sinkatsika ngakhale asinthe mankhwala, mpaka tsiku lina anakumana nawo pamsika n'kudziwa kuti amamwa mapiritsi modumphitsa masiku kuti akhalitse, chifukwa ya kabaza yobwerera kuchipatala inkawasowa. Anati m'tauni akanangowonjezera mlingo wa mankhwala, agogowo n'kupita osadzawaonanso. Kuno amadziwa mudzi wawo, mdzukulu amene amawaperekeza, ndi mwezi umene mtsinje umadzaza moti sangaoloke. Kwa iye udokotala ndi umenewo.

Musaganize kuti n'kophweka. Nyumba imene anapatsidwa imadontha. Mwana wake wamkulu akukhala kwa ife kuti apeze sukulu yabwino, ndipo zimamuwawa. Alamu anga amayenda ulendo wautali Lachisanu lililonse chifukwa ntchito yawo kulibe kumeneko. Anzake a m'tauni akaweruka amakagwirako ku kiliniki ya pulayiveti n'kupeza ina yapambali, iye alibe koteroko. Masiku ena magazi amasowa, ambulansi ilibe mafuta, ndipo amene amayang'anizana ndi achibale a wodwala ndi iyeyo. Madokotala ambiri amene amathawa kumidzi sathawa odwala, amathawa zimenezi, ndipo ine sindingawaloze chala.

Maganizo anga ndi awa. Ngati tikufuna madokotala okhazikika m'maboma, titenge ana ambiri ochokera m'masukulu a kumidzi komweko, ngakhale a m'ma CDSS, tiwathandize kufika ku sukulu ya udokotala, ndipo gawo lalikulu la maphunziro awo lizichitikira m'zipatala za m'maboma. Munthu amene anakula akutunga madzi pamjigo sadabwa akapeza mpopi wauma. Kenako nyumba ikhale yabwino, ndipo kukwezedwa pantchito kusamadikire kuti munthu asamukire ku Lilongwe. Zipatala za mishoni za pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, zinationetsa kalekale kuti luso likhoza kukhazikika kumudzi. Ndani sadziwa kuti anthu amachoka m'tauni kupita ku Nkhoma kukapangitsa opaleshoni ya maso?

Ndipo ife achibale tisiye kufunsa ana athu kuti "ubwera liti m'tauni" ngati kuti ali kundende. Mawu amenewa amafooketsa kuposa denga lodontha.

Pamaliro paja mlongo wanga sanadikire n'komwe nsima. Titangochoka kumanda anatsanzika kwa azakhali n'kuuyamba ulendo, chifukwa mnzake amene anamugwirira ntchito anali atagona kuchipatala masiku awiri.