Beitzim ndi mawu achikazi, lekani kunamiza anthu

Ndakwiya ndipo sindibisa. Lamulungu lapitali mlaliki wina anaima kutsogolo kwathu, foni m'manja, n'kutiuza kuti mawu a Chiheberi otanthauza mazira, beitzim, ndi achimuna (pa Chiheberi dzina lililonse limakhala lachimuna kapena lachikazi) chifukwa amathera ndi -im ngati Elohim, mawu otanthauza Mulungu. Pamenepo anamangapo chiphunzitso chonse, ati moyo umachokera kwa bambo, mayi ndi chisa chabe. Anthu anawomba m'manja, amayi ena mpaka nthungululu. Ine mtima unandiwawa.

Abale anga, beitzah, dzira, ndi mawu achikazi. Achikazi! Mazira akachuluka n'kukhala beitzim, mawuwo sasanduka achimuna ayi. Tsegulani Yesaya 10:14, pamene mfumu ya Asuri ikudzitama kuti yasonkhanitsa dziko lonse ngati munthu wotola mazira osiyidwa. Pa Chiheberi palembedwa beitzim azuvot. Azuvot, kutanthauza osiyidwa, akuthera ndi -ot yachikazi, chifukwa akufotokoza dzina lachikazi. Vesi lomwelo likumutsutsa munthuyu.

Mathero a -im paokha sakuuza kuti mawu ndi achimuna. Akazi pa Chiheberi ndi nashim. Kodi akazi asanduka amuna chifukwa cha -im? Nanga avot, azibambo, omwe amathera ndi -ot, tiziti ndi azimayi? Chilankhulo chili ndi njira zake, sungachiweruze poyang'ana mchira wa mawu.

Mawu oti mazirawa amapezeka kasanu ndi kamodzi kokha m'Chipangano Chakale, ndipo ponsepo ndi mazira ambiri, osati limodzi. Pa Deuteronomo 22:6 ndi mbalame yofungatira mazira pachisa, ndipo lamulo likuti usatenge make pamodzi ndi ana. Pa Yobu 39:14 ndi nthiwatiwa yosiya mazira ake pansi. Pa Yesaya 59:5 ndi mazira a njoka. Dzira ndi dzira basi, palibe chinsinsi cha bambo chobisika mmenemo.

Kuthamanga ndi ulesi, foni yalowa m'malo mwa kuphunzira. Safunsa anadya phula, koma chopweteka n'chakuti phulalo akudyetsa mpingo wonse.

Ndipo zatopetsa izi zoti aliyense akagwira maikolofoni aziti "m'Chiheberi mawu awa amatanthauza", pamene zilembo 22 za Chiheberi sangazitchule n'komwe. Gogo wokhala kumbuyo uja alibe poti akafufuze, amangokhulupirira chifukwa wanena ndi abusa.