A ZCC musawaike dengu limodzi ndi Mackenzie

Alembi, nkhani yanu ndaiwerenga yonse, koma apo mwaphatikiza mpingo wa ZCC (Zion Christian Church) ndi gulu la Paul Mackenzie n'kuwatcha onse timipingo tosocheretsa, ine ndakana. Ku Shakahola, dziko la Kenya, mu 2023 anafukula mitembo yoposa 400, anthu otsatira Mackenzie atauzidwa kuti asale kudya mpaka akaonane ndi Yesu. Imeneyo ndi nkhani ina.

Ine ndimagwira ntchito pa galaja ku Polokwane, ku South Africa, ndipo abwana anga ndi a ZCC. Kabaji ka nyenyezi pa kansalu kobiriwira sikachoka pachifuwa pawo, ngakhale pa ovolosi ya girisi yokhayokha. Mowa ayi, fodya ayi, nkhumba ndiye musatchule n'komwe. Pasaka ikafika msewu wa ku Moria, kulikulu la mpingowu, umadzaza mabasi, azibambo a gulu lovina la mokhukhu atavala khaki akudumpha, fumbi koboo!

Mpingowu anauyambitsa ndi Engenas Lekganyane. Atamwalira mu 1948 ana ake Edward ndi Joseph anagawana anthu, n'chifukwa chake ena amavala baji ya nkhunda. Pa tiyi ndi madzi odalitsidwa pokha ndiye timakangana ndi abwanawo, poti akadwala amayamba zimenezo, kuchipatala n'kupita mochedwa.