Doko la Lilongwe ndi Chipoka, tiyambire pamenepo

Anthu a mu Lilongwe muno nyanja timaikumbukira pa Khirisimasi ndi pa Isitala, kapena kuntchito akatiitanira msonkhano ku Senga Bay. Tikasamba, kudya chambo, kujambulitsa zithunzi, basi tabwerako. Koma ndalama ndi mapulani a madoko a panyanjapo zimagamulidwa konkuno ku Capital Hill, makilomita oposa 100 kuchokera pomwe mafunde amamenya. Ndiye maganizo anga ndi awa, abale anga: tisanayambe kulota madoko atsopano a mayina akuluakulu, tikonze kaye Chipoka, ndipo tiikonze motsatira khalidwe la nyanjayo.

Mwa madoko athu anayi akuluakulu, Monkey Bay, Chipoka, Nkhata Bay ndi Chilumba, ndi pa Chipoka pokha pomwe njanji imafika m'mphepete mwa madzi. Inafika kumeneko m'zaka za m'ma 1930, ndipo kumapeto kwa m'ma 1970 anaitalikitsa kuchoka ku Salima kudzadutsa ku Kanengo kulowera ku Mchinji. Mpunga wa ku Karonga kapena malasha a ku Mchenga atha kukwera sitima ya pamadzi ku Chilumba, kutsika pa Chipoka, kulowa m'mabogi mpaka ku Kanengo. Feteleza wochokera ku Nacala atha kudzera njira yomweyo popita kumpoto. Amene anajambula zimenezi anaona patali. Ife ndi amene tinasankha kuti chilichonse chizikwera phiri la Chiweta pa thiraki, kenako n'kumadabwa kuti msewu wa M1 ukukumbika msanga bwanji, katundu akudula bwanji.

Komatu kumanga doko pa nyanja yathuyi si kungothira simenti m'mbali mwa madzi. Nyanja ya Malawi imayenda. Chaka chilichonse imakwera mvula ikagwa, n'kufika pachimake cha mu Epulo kapena Meyi, kenako dzuwa limaimwa mpaka cha mu Disembala. Kusinthako kumakhala pafupifupi mita imodzi. Uku ndiye kwakung'ono. Kusintha kwenikweni ndi kwa zaka zambiri. Pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja inaphwa mpaka madzi analeka kutuluka kulowa mu Shire. Mu 1980 inasefukira kufika mamita 477 kuchokera pa mulingo wa nyanja ya mchere, ndipo pofika 1997 inali itatsika ndi mamita pafupifupi 4. Taganizani mamita 4, nyumba yathunthu ndi denga lomwe! Ndiye mu 2024 tonse tinaona zithunzi za malo ogona alendo ku Mangochi ndi ku Salima, madzi ali m'zipinda, mipando ikuyandama. Ena ankaloza chala Kamuzu Barrage ya ku Liwonde, ija anamanga mu 1965, ati bwanji sakutsegula. Baraji imathandiza, inde, koma madzi ambiri a nyanjayi amachoka ndi dzuwa, sadzera mu Shire ayi. Palibe injiniya amene angailamule nyanja yaikulu chonchija ndi zitseko.

Chipoka inalawa mbali inayo ya vutoli. Madzi atatsika, padoko panasanduka posaya, mchenga unadzaza, sitima zikuluzikulu zinaleka kukocheza kwa zaka ndithu. Khoma lilipo, njanji ilipo, nyumba zosungira katundu zilipo, koma sitima ikuonera patali. Ndiye ndikamva wina akunena kuti "tikonzanso doko", funso langa loyamba limakhala lakuti: mwajambulira madzi a chaka chiti? Ngati ndi a chaka chodulira riboni, tataya ndalama. Pokochezera sitima pafunika kufika pakuya pomwe ngakhale madzi a 1997 atabweranso sitima yodzaza katundu siingakhudze pansi, ndipo pamwamba pake pakhale potalika moti madzi a 1980 sangapamize. Njira zake zilipo ndipo si zachilendo: mlatho wautali wa pa zipilala wolowa m'kati mwa nyanja, kapena pokwerera poyandama pomwe pamakwera ndi kutsika limodzi ndi madzi.

Palinso mwera. Aliyense amene anakhalako kunyanja miyezi yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, amaudziwa. Asodzi amakokera mabwato kumtunda n'kukhala pansi kumasoka maukonde, chifukwa palibe cholowera m'madzi. Monkey Bay sanaisankhe mwangozi kukhala malo okonzera sitima. Mapiri anaitchinga, madzi ake ndi odekha. Ilala, yomwe anaipanga ku Scotland mu 1949 n'kubwera nayo zidutswazidutswa, anailumikizira komweko isanayambe kuyenda mu 1951. Chipoka ilibe mwayi umenewo, ili poyera. Imafunika khoma la miyala lotchinga mafunde, ndipo khomalo ukaliika molakwika limakola mchenga womwe mafunde amakankha m'mbali mwa gombe, n'kuuunjika pakhomo penipeni pa doko. N'chifukwa chake ntchito yoyeza mphepo, kuya kwa madzi ndi kayendedwe ka mchenga imafuna nthawi, nyengo zonse zidutse munthu akuyeza, asanajambule kalikonse. Ntchito imeneyi siioneka pa TV, ndiye ndi yomwe timakonda kuidumpha.

Mchengawo ndi matopewo, mwa njira ina, ndi athu omwe. Mtsinje wa Lilongwe umayambira ku Dzalanyama, kudutsa mumzinda uno, kukathira mu Linthipe, ndipo Linthipe amakathira m'nyanja chakumpoto kwa Chipoka. Thumba lililonse la makala a ku Dzalanyama lomwe timagula ku Area 36 kapena ku Chinsapo likutumiza dothi kumeneko. Koma iyi ndi nkhani ya tsiku lina.

Wina anena kuti ndikuchepetsa maloto a dziko. Ayi. Maloto aakulu tinawayesa kale ku Nsanje. Mu Okutobala 2010 malemu Bingu wa Mutharika anatsegulira doko kumeneko, a Robert Mugabe ndi a Rupiah Banda ali pompo, anthu akuvina, koma chombo chomwe chinkayembekezeka kufika tsikulo chinagwidwa ku Mozambique. Anzathuwo ankati pachitike kaye kafukufuku wa zachilengedwe pa Shire ndi Zambezi, ndipo njira yonse yokafika ku Chinde imadutsa m'dziko lawo. Ganizolo silinali lopusa, dziko lopanda gombe la nyanja ya mchere liyenera kufunafuna potulukira. Cholakwika chinali kumanga khola ng'ombe usanagule. Khoma la konkire lija lilipobe mpaka lero, sitima zonyamula katundu sizinabwere.

Pamene tikukamba za makontena, tisaiwale anthu. Malo ambiri omwe Ilala imaima, monga ku Usisya ndi ku Ruarwe, imaponya nangula patali n'kutsitsa maboti ang'onoang'ono. Muone mayi ali ndi thumba la ufa pamutu, madzi ali m'chiuno, mwana akumupatsirana m'manja mpaka alowe m'boti, nthawi zina usiku, mafunde akuwomba. Malo otere safuna mabiliyoni osaneneka. Kamlatho kolimba kokwererapo, nyali, ndi kashedi kodikiriramo, basi. Koma nakonso kajambulidwe modziwa kuti madzi adzakwera ndipo adzatsika.

Ndiye akuluakulu a ku Capital Hill, mukamakonza za Chipoka, itanani oyendetsa sitima akale a ku Monkey Bay ndi asodzi a pagombe pomwepo akhale nawo pa tebulo limodzi ndi mainjiniya. Iwo amadziwa pomwe mchenga umasonkhana mwera ukatha. Mukambiranenso ndi a njanji ndi eni katundu a ku Kanengo ntchito isanayambe, kuti tidziwe matani angati adzadutsepo. Ndipo mu bajeti muikemo ndalama ya chaka ndi chaka yokumbira mchenga padoko, pamodzi ndi makina ake okhala pompo, osati obwereka kunja sitima zikayamba kale kutitimira.