Trout ya ku Nyika, Nyanga ndi Lesotho: mlendo wodya pakhomo pa eni ake

Trout ndi nsomba ya m'madzi ozizira, ndipo kumwera kwa chipululu cha Sahara kulibe yachibadwidwe. Azungu ndiwo adabwera nayo: ku Natal, South Africa, mu 1890, ku Zomba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kenako ku Mulanje ndi ku Nyika. Ndiye amene akulimbirana nayo chakudya m'timitsinje tathu ta m'mapiri ndi matemba, timilamba tobisala pansi pa miyala, nkhanu ndi mbululu.

Trout imaima kumutu kwa dziwe, pomwe madzi othamanga amagwetsera mphutsi za tombolombo ndi tizilombo tina, nkumatola chilichonse chisanafike kwa matemba. Ikakulako imayamba kumeza matembawo. Mukang'amba mimba ya yaikulu mupezamo zigoba za nkhanu ndi timinga ta nsomba. Timilamba timapulumukako chifukwa timadya usiku, pansi.

Ku Lesotho adaona zakuda. Kansomba kawo, Maloti minnow, katsala makamaka kumtunda kwa mathithi omwe trout imalephera kukwera, pomwe dziko lomwelo likuweta trout m'makola pa damu la Katse nkumagulitsa kunja. Ku South Africa boma lakhala likufuna kuiika pa mndandanda wa zamoyo zachilendo zowononga potsatira lamulo la 2004, koma asodzi a mbedza ndi alimi a trout adakana mpaka nkhani idakafika kukhoti. Ku Nyanga, Zimbabwe, sanavutike ndi mtsutso: ali ndi malo oswetsera, amathira ana a nsomba m'madamu, alendo nkumawedza ndi chilolezo.

Njira ya ku Nyanga ndiyo ikufanana ndi ya madamu a ku Chelinda, ku Nyika, ndipo ndi yabwinoko malinga nsomba zithere m'damumo. Ife chotitchinjiriza chachikulu ndi kutentha. Trout imasautsika madzi akapitirira madigiri 20, ikafika cha pa 25 imafa, choncho siingatsike mtsinje wa North Rukuru kukasokoneza mpasa woswana kumunsi. Amene mukuganiza zoiweta m'madamu a ku Mzuzu kuno, October adzakulizani, wetani chambo.

Choopsa chenicheni ndi chidebe. Munthu mmodzi akanyamula tiana ta trout makumi awiri nkukathira kumtunda kwa mathithi, kamtsinje konseko kapita, ndipo ukonde sungazimalize. Ku South Africa adachita kuthira mankhwala a rotenone mu mtsinje wa Rondegat mu 2012 ndi 2013 kuti achotse nsomba ya bass, mlendo winanso, pa makilomita anayi okha.