Mwana si machesi, abale

Loweruka lapitali tinali pamaliro kumudzi kwathu. Malemuwo anapita ndi chifuwa, miyezi itatu akugona chokhala chifukwa akati agone chagada mpweya unkawathawa. Bokosi lisanatuluke n'komwe m'nyumba, mwana wawo wachisamba, bambo wandevu zake, anatulutsa chingambwe, kukulunga papepala la kope, n'kuitana kamnyamata kake ka Sitandade 3: "Iwe, kandiyatsire uko akuphikako." Kamwanako kanabwera kakukoka utsi kuti moto usazime panjira, maso ali psuu, kakutsokomola. Anthu n'kumaseka!

Nditamudzudzula anandiyankha kuti, "Madala, kwathu fodya ali m'magazi. Agogo ankasuta, bambo ankasuta, ine ndingatani?"

Inde ali m'magazi, apo sunaname. Ofufuza omwe akhala akuyerekeza mapasa amati pafupifupi theka la chibaba cha fodya munthu amachita kutengera kumtundu. Mu 2008 akatswiri a ku Iceland anapeza kuti kusiyana kwakung'ono pa chromosome 15, kamodzi mwa tizinthu ta m'thupi tonyamula zakumtundu, kumachititsa ena kusuta ndudu zambiri patsiku, ndipo omwewo khansa ya m'mapapo imawapeza mosavuta. Ena chiwindi chawo chimachotsa msanga nikotini, mankhwala a mufodya omwe amabweretsa chibaba, ndiye ndudu ikangotha chibaba chabwerera kale. N'chifukwa chake mnzako amasiya fodya ngati akuvula malaya, iwe tsiku limodzi lokha mutu waphulika, wakalipira mkazi ndi nkhuku zomwe.

Tsono ukudziwa kuti mtundu wako umakodwa msanga, ukupatsiranji mwana nyamboyo? Magazi akowo si omwenso ali mwa iyeyo? Banja lodwala shuga limatuma mwana kukanyambita thumba la shuga? Nikotini amafika muubongo pa masekondi osakwana 20, ndiye ukuganiza kuti kuchoka pamafuwa kufika pamene wakhala iwepo sizinalowe?

Si iye yekha ayi. Wina amasutira m'nyumba mawindo ali chitsekere, khanda lili pamphasa. Agogo aakazi akufwenkha wamphuno mdzukulu ali kumbuyo, kabotolo n'kumupatsa kuti azisewera nako. A pagolosale nawo akugulitsa ndudu imodziimodzi kwa mwana wovala yunifolomu, ati watumidwa. Watumidwa ndi ndani? Mwamutsatira kuseri kwa tchalitchi mwaona amene akusuta?

Ndipo nyimbo ija yoti "agogo anasuta mpaka kukalamba" ndatopa nayo. Abale awo amene anatsogola ali ndi zaka 50 simuwatchula bwanji? Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, ndipo oposa miliyoni mwa iwo sanagwirepo ndudu, amangopuma utsi wa eni ake. Ifenso tinalima fodya wa bale, tinagona pamsika wa fodya pa Kanengo kudikira mabelo athu, koma amenewo anali a sukulu fizi, sitinkayika pakamwa pa ana.

Ngati kusiya kwakukanika, pita kuchipatala ukanene, si zamanyazi. Koma machesi gula wekha. Mwanayo musiye.